Nyumba ya ku Njewa, kuyambira pa chithunzi cha pa WhatsApp mpaka kulowamo

Ntchito iyi inandipeza mu March 2023, sabata yomwe ija tonse tinali maso pa foni kuonera zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Ine ndimajambula mapulani a nyumba komanso kuyang'anira zomanga kuno ku Lilongwe, pa saiti amangondiitana kuti a injiniya olo sindine injiniya, za zitsulo ndi kulemera kwa nyumba ndimakagogoda kwa mnzanga amene anaphunzira zimenezo. Eni nyumba andilola kulemba bola ndisatchule maina, nde ndizingoti bambo ndi mayi.

Bambo ali ku Joni zaka 11 tsopano, amawotcherera zitsulo ku kampani ina cha ku Germiston. Mayi ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, nthawi imeneyo ankachita lendi ku Area 25 ndi ana atatu, anyamata awiri ndi mtsikana. Uthenga woyamba unalowa 11 koloko usiku, zithunzi ziwiri ndi voisi noti. Chithunzi choyamba nyumba yoyera mbee ngati bokosi, denga losaoneka lija timati hidden roof, magalasi kuchokera pansi mpaka kumwamba, galaja ya magalimoto awiri, anaijambula okha pa esiteti ina ku Midrand. Chachiwiri nyumba ya Tuscan, mapilala onenepa pakhomo, denga la matailosi ofiira. Voisi noti ikuti, "Achimwene, muphatikize ziwirizi, kutsogolo kukhale ngati yoyerayi koma mapilala asasowe, odutsa azidziwa kuti ku Joni sitinapitire masewera." Sindinawaseke, munthu amene wagona zaka 11 m'kachipinda ka lendi kwa eni ake mtima wake umakhala pa chinthu chimodzi. Ndinangoyankha kuti sindilemba mzere olo umodzi ndisanaponde pa puloti.

Puloti ili cha ku Njewa, ukamapita ku Mchinji umakhotera kumanja nkuyenda kamsewu kafumbi, mamita 30 m'mbali mwa msewu ndi 45 kulowa mkati. Anagula 2019 kudzera mwa madobadoba, pepala lomwe anali nalo ndi kalata ya amfumu yodinda basi, mabikoni kunalibe, malire anali mitengo iwiri ya mango ndi chulu. Tinaitana saveya, ndipo zinapezeka kuti aneba a kumwera anali atalowa mamita pafupifupi awiri ndi mpanda wawo wa udzu, osati mwa nkhanza ayi, nawonso anangolozeredwa ndi chala ndi anthu omwe aja. Zinatha pokambirana pamaso pa amfumu, tinakhoma mabikoni, mayi anayamba zoyendetsa mapepala a lizi. Izi ndikungodutsamo koma zinadya mwezi wathunthu.

Chimene chinasintha pulani yonse ndi maenje atatu. Msewu uli kumadzulo ndipo ndi kumtunda, puloti imatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kum'mawa kumene kuli dambo, diso lokha silingaone bwino koma levulo inaonetsa kusiyana kwa mita imodzi ndi theka. Ndinalemba aganyu awiri kuti akumbe maenje a mita imodzi ndi theka, limodzi kumtunda, lina pakati, lina kumunsi. Lakumtunda katondo wofiira wolimba mpaka pansi, pikiyo ikuchita kulira. Lapakati katondo pamwamba koma m'mbali ya kumwera kuyamba kuda. Lakumunsi makande enieni, ndipo tisanafike mita ndi theka madzi anayamba kutuluka m'mbali mwa dzenje ngati thukuta, pofika masana munali madzi ofika m'mawondo. Mayi anabwera kuchokera ku sukulu ndi nsapato za ku ntchito, ndinatapa dothi lakudalo nkulipota m'manja mpaka linakhala ngati chingwe chachitali osaduka, kenako ndinatapa katondo, anangofumbutuka. Ndinawauza kuti lakudali likamwa madzi limafufuma, likauma mu October limang'ambika mpaka kulowa dzanja, nde nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ming'alu ija mumaona yoyambira pa kona ya windo kupita pansi imachokera pamenepa. Anangoti "Ayi ndamva a injiniya, koma awuzeni nokha abambo akwathu." Bambo ankafuna nyumba ikhale kumunsi kwenikweni kuti kutsogolo kutsale bwalo lalikulu la kapinga ndi msewu wa galimoto wozungulira ngati pa chithunzi. Mwayi wake tinakumba mu March nthaka itakhuta madzi, tikanakumba mu September dzenje lija likanatinamiza.

Loweruka lotsatira ndinakakhala ku nyumba ya lendi ku Area 25 kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ena amaona ngati ndi kufuna nsima, koma ine ndimachita izi pa nyumba iliyonse yomangira banja, chifukwa ukawafunsa kuti mukufuna zipinda zingati amayankha za pa chithunzi, ukakhala nawo umaona zenizeni. Kuka ya magetsi inalipo koma inali yovindikira ndi nsalu, pamwamba pake pali mabeseni, nsima ndi nyemba zonse pa mbaula panja. Mufiriji yaikulu munali mafirizesi ogulitsa, ana a aneba akugogoda pa khomo la kuseri mphindi zilizonse. M'chipinda cha anyamata munali matumba a chimanga asanu ndi awiri, mayi akuti akakolola ku mudzi amafika 20 ndipo anyamata amagona pabalaza mpaka matumba atachepa. M'mawa mzere wa ku bafa, chifukwa bafa ndi toileti zinali chipinda chimodzi. Ndipo nkhani yaikulu imene bambo sanaitchule mu voisi noti iliyonse, amayi awo a bambowo, agogo a zaka za m'ma 70 amene mawondo akuvuta, adzabwera kudzakhala nawo nyumba ikatha.

Nditawaonetsa mayi mkati mwa nyumba ya mtundu wa pa chithunzi, khitchini yopanda chitseko yolumikizana ndi balaza, anayang'ana nthawi yaitali nkuti, "Ndiye usipa ndizikazinga apongozi ali pa sofa pomwepo?" Nkhani ya open plan inathera pamenepo, ine sindinawonjezere liwu.

Ya denga ndi imene inativuta, tinakokana milungu itatu pa foni. Ndifotokoze bwino chifukwa hidden roof yatenga malo mu Lilongwe muno, ukayenda ku Area 49, ku Airwing, ku 43, nyumba zatsopano zambiri ndi zimenezi, ndipo nanenso ndajambulapo zingapo, sindikuti ndi yoipa. Mmene imakhalira ndi kuti khoma limapitirira kukwera nkubisa malata, malatawo amagona pafupifupi fulati, madzi onse amatsikira mu gatala imene ili mkati mwa khoma nkutuluka pa mapaipi awiri kapena atatu. Tsopano tiwerengere. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la nyumba imene bambo ankafuna linali cha m'ma 230 sikweya mita. Igwe mvula ya mamilimita 40 mu ola limodzi, ya mu January ija yochita kuzimitsa mawu a wailesi, ndi malita 9,200, madiramu 46 a malita 200, onsewo akudutsa pamwamba pa siling'i yanu kufunafuna mabowo atatu. Bowo limodzi litsekeke ndi masamba a mango kapena jumbo youluka ndi kamvuluvulu, madzi amabwerera pansi pa malata nkulowa m'nyumba. Ku Johannesburg nakonso mvula ya mabingu imagwa yoopsa, koma nyumba ya pa esiteti ija ili ndi anthu okwera padenga kukakonza ndi kumatanso chaka ndi chaka, apa ndinawafunsa kuti inu muli ku Joni, adzakwere ndani mu November kukachotsa masamba, mayi kapena agogo? China, nyumba yopanda denga lotulukira kunja khoma lake limamenyedwa ndi mvula ndi dzuwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, penti yoyera pa fumbi la katondo ikangodutsa dzinja limodzi imakhala ndi mizere yofiira ngati yalira.

Ndinawapatsa zitsanzo za konkuno. Mandala House ku Blantyre inamangidwa 1882 ndipo ilipobe, khonde lake ndi limene lateteza makoma zaka zonsezi. Nyumba zakale za boma ku Zomba chimodzimodzi, denga lotsetsereka, khonde lotakata, siling'i yaitali, ukalowa mu October umamva kuzizira popanda fani. Olo nyumba ya agogo anu ku mudzi, ya zidina yofolera udzu, udzu umatulukira kunja ndipo pansi pali khonde lozungulira lozira bwino, anthu aja ankadziwa kuti mdani wa khoma ndi madzi. Ndi za Malawi Housing za ku Area 18 zija timazinyoza kuti n'zazing'ono, denga lake ndi losavuta la mbali ziwiri, mmisiri aliyense amalikonza. Bambo anapsa mtima, "Achimwene, ndalama zanga mukufuna mundimangire nyumba ya atsamunda?" Foni inadulidwa, masiku anayi zii.

Chimene chinathandiza si ine. Ndinawatenga mayi kukaona nyumba ina ya hidden roof ya zaka zitatu, mwini wake ndi kasitomala wanga amene anandiitana kudzakonza zimene anamanga ena, siling'i ya pabalaza ili ndi mabala akuda, pa kona bodi yafufuma ngati chigumu, fungo la chinyontho ukangotsegula chitseko. Mayi anajambula vidiyo nkutumiza okha. Usiku womwewo bambo anaimba, mawu atatsika, akuti nanga kutsogolo kokha sizingatheke?

Zinatheka, ndipo pulani imene inapita ku khonsolo inali iyi. Nyumba tinaikweza kumtunda pa katondo, mamita 8 kuchokera ku malire a msewu, ndipo tinaigoneka motalika kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, mamita 20.5 mulitali ndi 8 mulifupi, zonse 164 sikweya mita. Chifukwa chake ndi dzuwa. Msewu uli kumadzulo, nde magalasi aakulu oyang'ana ku msewu akanamwa dzuwa la 3 koloko la mu October lonse, lija limalowa chopingasa moti denga silingalitchinge, balaza likanakhala uvuni. Tinapereka ku msewu mbali yaifupi, windo limodzi lalitali koma lopapatiza, ndi khomo lolowera lokhala ndi kakhonde ka mapilala awiri, pamenepa ndi pa shedi ya galimoto ndi pomwe tinaika khoma lobisa denga, moti woima pa msewu amaona bokosi loyera lija ndi mapilala ake, koma kuseri kwake nyumba yonse ili ndi denga la mbali zinayi lotulukira kunja masentimita 70. Mawindo aakulu ali kumpoto ndi kumwera. Lilongwe ili cha pa madigiri 14 kumwera kwa equator, nde mu June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto nkulowa pansi pa khonde kudzafunditsa nyumba nthawi imene tikulifuna, pamene miyezi yotentha limadutsa pamutu penipeni denga nkulitchinga. Khonde lalikulu la mamita 2.2 tinaliika kumpoto pa chifukwa chimenechi.

Mkati muli balaza ndi podyera pamodzi, khitchini ya chitseko chake, sitolo ya mamita 2.4 kwa 3 yokhala ndi mabowo a mpweya pamwamba ndi pansi pokwera kuti matumba asagunde simenti, chipinda cha makolo cha bafa lake, cha anyamata, cha mtsikana, ndi cha agogo chimene chili ndi khomo lake lotulukira pa khonde popanda sitepe, tinangotsetsereketsa simenti. Bafa palokha toileti payokha, ndi toileti ina yolowera panja ya alendo ndi ogula mafirizesi, komanso tikudziwa kuti pakhomo pamagwa zinkhoswe ndi maliro, anthu 50 sangamadutse pa kolido. Siling'i mamita 2.9. Galaja ya magalimoto awiri inasanduka shedi ya imodzi, galimotoyo panopa kulibe. Khitchini ya mbaula ndi nkhuni tinaiika payokha panja, mamita anayi kuchokera ku nyumba, pa kona ya kumwera chakum'mawa. Malo amenewa muwakumbukire.

Mapulani tinakapereka ku khonsolo ngakhale aneba ankati kunja kwa tauni kuno palibe amafunsa. Chiyambire lamulo la Physical Planning la 2016 dziko lonse limawerengedwa ngati malo ofunika chilolezo pomanga, komanso munthu amene akufuna lizi ndipo mwina mawa adzafuna ngongole ku banki sangamange mwa chibisira. Kenako tinalemba BOQ, ndandanda wa zipangizo zonse ndi ndalama zake, nkuidula m'magawo asanu, maziko, makoma mpaka ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), denga, mawindo ndi zitseko ndi pulasitala, kenako zomalizitsa. Pangano linali loti gawo siliyamba ndalama yake yonse isanakwane, ndipo ndalama yochokera ku Joni pa Mukuru izifikira kwa mayi, osati kwa folomani, osati kwa ine, osati kwa m'bale aliyense. Bambo ankafuna achimwene awo aziyendetsa zogula, mayi anakana mwaulemu koma kukana kwake kunali kotheratu, ine sindinafunse mbiri yake.

Maziko tinayamba mu August 2023. Mbali yaikulu tinakumba masentimita 75 nkupeza katondo wolimba, koma kona ya kumwera chakum'mawa inagwerabe pa dothi lakuda lija, apa mnzanga injiniya uja anati tikumbe mpaka mita 1.2, konkire ikhale yotambalala masentimita 70 ndi zitsulo za Y12, zonenepa mamilimita 12, mkati, ndipo makande onse a pansi pa silabu achoke tithiremo gelevulo, kutsendera masentimita 15 aliwonse. Aganyu anadandaula kuti a injiniya awa akufuna tipeze golide. Chulu chija tinachifukula mpaka kupeza make chiswe, tinathira mankhwala a chiswe m'maziko monse ndi pansi pa silabu tisanayale pepala lakuda, silabu masentimita 10, ndipo pansi pa nyumba panakwera masentimita 45 kuchokera pa nthaka. Kumtunda tinakumba ngalande yopatutsa madzi a mu msewu kuti azidutsa m'mbali osati kudzagunda khoma. Gawo limeneli linadya ndalama yoposa imene tinalemba ndi pafupifupi kota, ndipo ndi ndalama imene siioneka pa chithunzi, bambo ankangoona mavidiyo a maenje nkumafunsa kuti nyumba iyamba liti.

Pa makoma tinasankha mabuloko a simenti. Njerwa zootcha zinaletsedwa pa zomanga za boma ndi zamalonda ndi malamulo a 2018 a NCIC, bungwe limene linkayang'anira za zomangamanga, pofuna kupulumutsa mitengo, pa nyumba za anthu wamba zikugwirabe ntchito, koma za mauvuni a pafupi zinali zosiyana misinkhu, ina yaikulu ina yaing'ono ina yosapsa, zotere zimaoneka zotchipa pogula koma zimadya simenti pomanga ndi populasitala. Za dothi lotsendera ndi simenti pang'ono ngati Durabric tinaziganizira, ine ndimazikonda, koma mmisiri wathu anali asanamangirepo ndipo sindinafune aphunzirire pa nyumba ya eni. Mabuloko amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, kuwerenga kwake n'kosavuta.

Lole yoyamba inabwera bwino. Yachiwiri inafika ine kulibe, nditafika ndinaona mtundu wake ndi wotuwa mwachilendo, ndinakanda ndi msomali mchenga nkumayoyoka, ndinanyamula buloko limodzi kufika pachifuwa nkulisiya, linangoti phwa zidutswa zinayi. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Mnyamata wa pa lole anandinong'oneza kuti kumene amaumbako thumba limodzi la makilo 50 akutulutsa mabuloko oposa 50 ndipo awa anaumbidwa dzana, sanathiriridwe olo tsiku limodzi. Tinabweza lole yonse, kunali phokoso, tinaluza ya thiransipoti. Kuyambira pamenepo tinabwereka chikombole nkumaumbira pa saiti, 30 pa thumba, kuthirira m'mawa ndi madzulo masiku 7, osamangira asanakwane milungu iwiri. Amene ankawerenga matumba ndi mwana wawo wamkulu wa Form 3, anali ndi kope lake, folomani ankamutcha auditor.

Pa 9 November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti makoma atafika pa mawindo. Wina angaganize kuti wolandira ma rand anasangalala, koma mitengo ya mu hadiweya inathamanga kuposa zimene ma rand anawonjezera, ena anangotseka mashopu masiku angapo kudikira mitengo yatsopano. Chimene chinatipulumutsa ndi choti mayi anali atakakamira mu October kuti tigulirethu zitsulo zonse ndi malata, ine ndinkati ndi msanga, malata anakasungidwa kwa mphunzitsi mnzawo miyezi isanu ndi iwiri. Simenti sitikanatha kugulirathu, ikakhala miyezi itatu makamaka dzinja imayamba kuumbika miyala. Apa ndi pamene folomani anabwera ndi nzeru yopulumutsa ndalama, akuti ring beam tiisiye, tingoika malintala, timitanda ta konkire, pamwamba pa mawindo ndi zitseko, nyumba zambiri zili choncho ndipo sizinagwe. Anaimbiranso bambo mwa mseri. Ndinakana ndipo ndinanena kuti mukachotsa ring beam nanenso ndichotseni. Dziko lino lili mu Rift Valley, chivomerezi cha ku Salima cha 1989 akuluakulu a mu Lilongwe akuchikumbukira, cha ku Karonga cha December 2009 chinagwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo olo popanda chivomerezi, nyumba imene kona yake imodzi ili pafupi ndi makande imafunika lamba woimanga pamodzi. Tinathira, zitsulo zinayi za Y12 ndi malingi a R6, tizitsulo ta mamilimita 6 tozunguliza zitsulozo, masentimita 20 aliwonse, ndipo tinamizamo mawaya omangira matrasi kuti mphepo isadzanyamule denga. M'malo mwake tinachotsa matailosi a m'zipinda za ana ndi makabati a ku khitchini, zimenezo zimadikira. Titathira tinaima, December mpaka April 2024, ndalama inatha, makoma anakhala pa mvula opanda denga koma sanachite kanthu.

Denga linakwera mu May ndi June 2024, malata a IBR a geji 28 openta kale, kutsetsereka madigiri 22, pansi pake pepala lonyezimira lija lobweza kutentha. Matabwa a paini anabwera aawisi, tinawaimika pa mthunzi milungu itatu nkuwapaka mankhwala, kalipentala akung'ung'udza kuti tikumuchedwetsa. Septic tank tinaiika m'mbali pa katondo osati kumunsi kumene aliyense ankaloza, makande samwa madzi ndipo dzenje lotayira likanadzaza dzinja loyamba, tinayezanso kuti likhale mamita oposa 30 kuchokera pa chitsime chawo ndi cha aneba, poti mapaipi a madzi anali asanafike mbali imeneyo. Mawindo onse tinaika sefa ya udzudzu, dambo lili pafupi. Analowa pa 21 December 2024, bambo anabwera pa basi, ndipo chinthu choyamba asanalowe m'nyumba anaima pakati pa msewu nkujambula kutsogolo kuja, chithunzicho ndi chimene chili pa profile yawo mpaka lero.

Dzinja loyamba nyumba yonse sinadonthe, kupatula malo amodzi, pamene khoma lobisa denga la pa kakhonde ka mapilala likukumana ndi denga lalikulu. Kalipentala anangomata fulashing'i, lata lotseka pokumanapo, ndi silikoni m'malo moilowetsa mu khoma, ndipo ine sindinakwere kukaona tsiku limenelo. Ka hidden roof ka masikweya mita 14 kokha ndi kamene kanatibweretsa pa saiti mu January ndi makwerero. Tinasema khoma, kulowetsa lata, kumata ndi simenti, nkuboola bowo lina lotulutsira madzi pamwamba pa gatala kuti likatsekeka la pansi madzi azigwera panja. Bambo nditawatumizira vidiyo anangoyankha ndi ka emoji kotseka pakamwa. Ming'alu pa khoma palibe, ulipo umodzi wopyapyala pa simenti yozungulira nyumba pa kona ya makande ija, ndinaulemba ndi pensulo mbali zonse ndi deti kuti tione ngati ukukula, pofika October sunasunthe. Mu October momwemo ndinapita dala 3 koloko masana, panja dzuwa likuswa mtengo, pabalaza ana akuonera TV fani ili chozimitsa, agogo ali pa mphasa pa khonde la kumpoto akusenda mtedza, anandiuza kuti "Mwanawe, nyumba iyi mkati sindikhalamo, kwanga ndi pano."

Cholakwa chachikulu ndi changa, khitchini ya panja ija. Ndinaiika kumwera chakum'mawa chifukwa ndinkafuna ibisike ku msewu komanso ikhale pafupi ndi khomo la kuseri, ndinkajambula mu April kunja kuli bata, mphepo ya mwera sinandibwerere m'mutu olo pang'ono, chonsecho ndakulira konkuno ndipo ndikudziwa kuti kuyambira May mpaka August imachokera mbali yomweyo. June 2025 mayi anaimba, "A injiniya, utsi ukutipha kuno." Ndinapita m'mawa akuphika phala pa nkhuni, utsi ukutuluka pa khomo la khitchini nkuwoloka mamita anayi aja molunjika kulowa pa windo la mtsikana ndi la makolo, makatani akununkha ngati a m'chisakasa cha fodya, yunifolomu ya mwana chimodzimodzi. Iwo anali atayamba kutseka mawindo onse a kumwera tsiku lonse, kutanthauza kuti mpweya wodutsa umene ndinawalalikira miyezi yonse ija unatha. Malo ake oyenera anali kumpoto chakumadzulo kapena kumpoto kwenikweni kupitirira khonde, kuti mwera uzinyamula utsi kuuchotsa pa nyumba. Kugumula sitikanatha, nde tinatseka khomo loyang'ana ku nyumba nkuboola lina kum'mawa, tinamanga mbaula ya njerwa yokhala ndi chumuni chopitirira msonga ya denga la nyumba yaikulu, njerwa ndi mmisiri ndinalipira ine. Zachepa kwambiri koma tsiku la mphepo yamphamvu fungo limafikabe, mayi amandikumbutsa nthawi iliyonse tikakumana.

Sabata yatha bambo atumizanso voisi noti, akufuna boyizikota ya zitseko zitatu zochititsa lendi kumunsi kwa puloti, pa makande penipeni paja, ndipo atumiza kale chithunzi. Ndawauza kuti tidikire February tikakumbe maenje ena awiri, mabuloko 140 otsala aja mayi awaunjike pa mapulanga asagone pansi.